Ganyu wa Njuchi

Ndili ndi zaka makumi asanu ndi zisanu n'chimodzi
ndipo ndalembedwa ganyu wa njuchi.
Musaseke. Mawondo angawa sakuseka.

M'mamawa, chisanu cha m'mapiri a Mao chikadaluma zala,
ndimatsamiritsa makwerero pa mtengo wa maapozi,
kabotolo ka mungu kali lende pakhosi ngati chithumwa,
m'dzanja kansungwi komangirira nthenga za nkhuku.
Nkhukuyo tinadya pa chaka chatsopano.
Nthenga zokha ndizo zikadali pantchito.

Duwa lililonse ndiligogodere pakhomo.
Viika, khudza. Viika, khudza.
Masiku ake ndi asanu basi, likafota lafota,
duwa silimva zoti msana ukuwawa.

Munguwu tinagula kwa Ran Deshou, kutsidya kwa mtsinje wa Min,
amayeza pa kasikelo ngati golide.
Usiku tinauyanika pa bulangete lamagetsi
ife n'kugona pozizira.
Mwamuna wanga anati, taona,
fumbi lagona pabwino kuposa eni nyumba.

Kale phirili linkalira.
Sindikunama, linkalira ngati injini yakutali,
moti poitana mwana m'munda unkachita kukuwa.
Kenaka kunabwera wamalonda wa nsapato zonyezimira
ndi mankhwala a m'zigubu zobiriwira,
tinapopera kasanu n'katatu nyengo imodzi
poti ogula a ku Chengdu safuna chipatso cha chipsera.
Mbozi zinafa, inde. Nanenso ndinaomba nawo m'manja.
Sindinawerame kuti ndione
winanso ndani ankagwa pansi pa mtengo.

Nkhalamba Mou inapakira ming'oma yake pa lole usiku,
osatsazika. Inangosiya mawu kwa wogulitsa mafuta:
ana anga sindiwabwereketsa kumanda.

Tsopano masamu amandichitira Guizhi, mwana wanga,
pa foni, nthawi yopuma ku fakitale ya nsapato.
Amayi, aganyu anayi masiku asanu,
mpunga wawo, fodya wawo, munguwo,
feteleza wakweranso
chifukwa cha nkhondo ya dziko lomwe simungaliloze n'komwe,
madzi a m'ngalande afika mochedwa, ochepa ngati malovu.
Mukutsala ndi chiyani?
Dulani mitengoyo.
Ndimati ndamva. Ndimayang'ana nkhwangwa kuseri kwa chitseko.
Mitengoyi anabzala apongozi chaka chomwe ndinakwatiwa,
wachitatu kuchokera kumpanda ndi msinkhu umodzi ndi Guizhi yemweyo.

Chondiwawa n'chakuti njuchi sinkatilipiritsa.
Zaka zonsezo inkagwira yaulere,
sitinailembe m'kabuku ka ndalama
ngakhale pa mzere wotsiriza, pamene timalemba machesi.
Kuya kwa chitsime ndakudziwa tsopano.
Ndaimamo, pouma, nthenga m'manja.

Dzana, pa nthambi ya pamwamba penipeni,
ndinakumana nayo imodzi.
Yaing'ono, yam'tchire, miyendo mbuu ndi katundu wachikasu.
Tonse tinkafuna duwa limodzi.

Ndinabweza dzanja.

Inalowa, inatuluka, kuphethira kwa diso,
ntchito yomwe ine ndimaigwira ndi mapewa onse.
Sinandiyang'ane. Ikanandiyang'ana ndikanati chiyani?
Inayendera maluwa ena asanu ndi awiri, ndinawerenga,
kenaka inakwera kumtunda kuja
komwe paipi ya pampu yathu sinafikeko.

Pansi Lanzhi akukuwa, wagona kodi m'mwambamo?
Dzuwa sitikulilipira kuti lidikire!
Sindinamuuze.
Akanauza wina, wina n'kuuza wina,
mawa lake pakanafika galimoto ndi makamera.

Ndinang'amba kansalu kofiira ka mpango wanga
n'kumanga pa nthambiyo. Sindinaikhudzenso.
Mwina pabereka, mwina ayi,
mwina matalala adzathothola zonse monga chaka chatha.
Koma pakadzatsala ngakhale chimodzi
sindidzachiika m'bokosi la ku Chengdu.
Ndidzachidula pakati ndi mpeni wakukhitchini,
ndiwerenge njere zake,
ndilawe ngati chikusiyana ndi zanga.