Mtengo wa Pachikuto

Chaka chomwe Yotamu anayamba kuyankha wailesi yozimitsa,
fodya wathu anaolera m'chigafa.
Ena ankati ndi chamba cha anyamata a pa Chamama,
ena ankati amalume amukhwimira
kuti golosale yawo iyende.
Zaka zinayi sitinapatsane nawo moni,
ngakhale pamaliro.

Kenaka kuchipatala cha Kasungu
adokotala achichepere, a nsapato zafumbi,
anatembenuza buku la Yotamu
najambula mtengo pachikuto:
apa agogo, apa amayi anu, apa inu.
"Ndani winanso ankamva mawu?"
Amayi anayang'ana simenti nthawi yaitali,
natchula Nasiketi, mayi awo aang'ono,
amene ankatsekeredwa m'khitchini kukabwera alendo.
Dzina limenelo ndinalimva koyamba tsiku lomwelo.

"Palibe anamulodza," anatero adokotala.
"Mbali ina imayenda m'magazi, monga mpata wa m'mano.
Mbali ina ndi zimene moyo umam'menya nazo munthu.
Si onse a pamtengowu adzadwale."

Ndinatuluka wopepuka ngati dengu lokhuthula.
Tinapita kwa amalume ndi tambala m'khwapa.
Anapukuta maso ndi chipewa,
natipatsa shuga wa m'golosale yomwe ija.

Koma mawu alibe mpanda.
Pofika Loweruka, pachigayo,
chiganizo chomaliza cha adokotala chinali chitagwera m'njira.
"M'magazi" yekha ndiye anafika kwa akwawo a Lameki.
Anabwera awiri, anakana mpando,
akuti mnyamata wathu ayambe waganiza kaye.
Diresi la chinkhoswe ndinali nditasoketsa kale.
Lili m'sutikesi, likununkha mankhwala a njenjete.

Ufiti unali ndi mwini mmodzi,
tinkadziwa khomo loti tizililambalala.
Magazi ndi a tonse:
ine, Tiyese wa Sitandade 6,
ndi ana amene sindinabereke
koma anthu awayeza kale.

Yotamu amamwa mapilitsi ake dzuwa likamalowa.
Amamata matayala a njinga pansi pa mthethe,
manja akunjenjemera pang'ono,
ndipo chenji sabera munthu.
Dzulo anandifunsa, "Lameki sakubweranso bwanji?"
Ndinati msewu waonongeka ndi mvula.
Anayang'ana kumwamba, kopanda ndi kamtambo komwe,
anaseka pang'ono,
ndipo ndinaona mpata wa m'mano mwake,
womwewo umene Lameki ankaukonda pa ine.