Foni Ikalira Lachiwiri

Foni yanga ndi ija ya mabatani,
yomangidwa ndi mphira kumsana,
koma Lachiwiri loyamba pamwezi
imalira ngati ya abwana.

Mwalandira ndalama.
Ndimawerenga kawiri, kenako n'kufufuta,
poti bambo ako amadziwa kuwerenga
ndipo ludzu lawo limakhoza masamu.

Usanayambe kundimenya mateche
ndinkaima pa siteji ya ku Bangwe,
kondakitala akukuwa Limbe! Limbe!
ine m'chitenje mfundo yopanda kanthu.
Chipatala chilipo pafupi, ndikudziwa,
koma amasesa kumeneko ndi akazi a alandilodi,
ndipo tsache lawo limatola ndi mayina omwe.
Choncho ndinkabwerera.
Botolo linapepuka, linasiya kulira.
Mu Febuluwale ndinadumpha masiku khumi ndi limodzi,
ndinawalemba ndi khala kuseri kwa chitseko.

Sisita Mpinganjira sanandikalipire.
Anatseka buku langa la sikelo, n'kufunsa:
Felesiya, dzulo unagonera chiyani?
Ndinayang'ana nsapato zawo.

Mankhwala ndi aulere, amatero anthu.
Msewu si waulere.
Ndipo mbulu ukagwera m'mimba mopanda kanthu
denga limazungulira mpaka tambala.

Tsopano ndimatapa kwa mnyamata wa pa ambulera yofiira,
iye sadziwa, amangoti amayi mwalemera.
Yaminibasi ndimapatula kaye, kupita ndi kubwera.
Yotsala: mazira atatu, bonya wa pambale,
kajumbo ka makala, nthochi zochokera ku Thyolo,
sopo akakwanira.
Mwezi watha sanakwanire.

Usiku wailesi ya aneba ikayamba
kuwerenga mauthenga a maliro,
ndiyo wotchi yanga.
Ndimatsegula chitini cha shuga,
ndimameza, madzi kapu yonse,
mayina a eni akudutsa pakhoma,
langa mulibe.

Akuti ndalamazi zidzaleka
iwe ukadzasiya bere.
Sindinafunse za mawa lake.
Ndangoyamba kuponya kangachepe
kubanki m'khonde kwa a Nasimango,
mwina beseni la tomato lidzatuluka m'menemo,
mwina ayi.

Lero magazi awayeza.
Sisita akuti kachilombo kagona, sikakuoneka,
asakadzutse munthu.
Ndatuluka mwakachetechete ngati m'nyumba ya khanda,
ndakwera minibasi, mpando wa pazenera,
ndalipira ndi ndalama yanga,
ndadikira chenji.

Pa Namiyango wandimenyanso teche.
Ndamva, mwanawe.
Tikafika ndikukazingira dzira.