Alendo a M'bokosi la Bambo

Titaika maliro a Che Likapa ku Namwera
tinathyola loko wa bokosi lachitsulo lija
ankalikhalira ngati mpando.
Munali mendulo ziwiri zadzimbiri,
khadi la usilikali lodyedwa ndi njenjete,
ndi nsalu yopinda kanayi,
yopyapyala ngati khungu la anyezi.

Pakati pake dzuwa lofiira.
Mozungulira dzuwalo zolemba zakuda,
mapazi a nkhuku pamatope a kudimba.
Shehe anavala magalasi, nati: si Chiarabu ichi.

Bambo sankakamba za ku Bama.
Ukawafunsa ankati kunali mvula,
basi, n'kupitiriza kusenda bango.

Mbiri ilibe miyendo koma inatsika phiri
n'kukwera minibasi mpaka ku Limbe.
Lachiwiri anafika Kalonjere, wa nsapato zosongoka,
amene amagulira azungu zakale za nkhondo.
Anaiyala pa thebulo langa la mashini osokera,
naijambula kutsogolo ndi kumbuyo.
Ataona banga lofiirira pakona maso anawala:
awa akakhala magazi, mdala, mtengo ukwera.
Anatchula ndalama.
Ndinayang'ana kudenga kumene kumadontha
ndipo ndinawerengera malata makumi awiri ndi mtima,
misomali yomwe.

Ndinati abwerenso mwezi ukaoneka.

Kuchipatala cha paboma kuli mtsikana wa ku Japani,
Michiyo, amene amaphunzitsa opuwala kuyenda.
Ndinamutengera nsaluyo m'jumbo ya shuga.
Anayamba wasamba m'manja.
Kenako chala chake chinayenda pang'onopang'ono
ngati munthu wofuna manda a kwawo m'tchire:
mwini wake ndi Shigeru.
Uyu ndi mphunzitsi wake.
Uyu mwina wogulitsa mpunga pamudzipo.
Apa dzanja likunjenjemera, ndi la munthu wamkulu.
Kadzanja aka n'ka mwana, onani, kanalakwitsa
n'kubwerezanso.
Onsewa akuti mwayi wake pankhondo utalike.

Sanandifunse kuti bambo anaipeza bwanji.
Inenso sindinamuuze za chithumwa
chimene amayi awo anawasokera pamkono
tsiku limene lole inadzawatenga,
mawu a shehe atapindidwa m'kachikopa.
Anyamata awiri, aliyense atavala zolemba za kwawo,
anakumana m'nkhalango ya eni ake.
Wina anabwera kudzabereka ine.

Kalonjere waimba kanayi sabata ino.
Akuti kuli bwana wina kunja ali nazo makumi asanu,
zonse m'magalasi, chipinda chozizira,
palibe njenjete ingazikhudze.
Michiyo akuti alipo anthu ofufuza abale,
koma zimatenga zaka, ndipo nthawi zina
amapeza mudzi wonse unatha.

Mvula yayamba kugunda cha ku Mozambiki.
Mayi a kunyumba aika kale mabeseni m'malo mwake
ndipo sakundiyankhula bwino.

Usiku ndimayatsa tochi ya foni
n'kuwerenga maina amene sindingawatchule,
chala pa lililonse: makumi anayi ndi atatu.
Ndine telala, nsalu ndimaidziwa mtengo ndikangoigwira.
Iyi yandikanika.
Zaka zonsezi bambo ankakhalira mudzi wathunthu
osauza munthu,
ndipo tsopano alendowa ali m'nyumba mwanga,
akhala chete pamkeka,
akudikira ndiwauze njira.