Kathovu

Filimuyi idabwera pa basi ya ku Joni,
itakulungidwa m'bulangete pamodzi ndi nsapato za amayi.
Pakatoni Shaibu adalemba kuti: isaone dzuwa.
Ndidaseka ndekha. Kuno ku Mangochi?
Ndiye imagona mufiriji ya Abiti Mdala,
pansi pa mafirizesi ogulitsa,
ndipo ndimailipirira lendi ngati munthu.

Ndatseka zenera ndi chiguduli.
Babu lachikasu lokha ndilo laloledwa kuona.
Kunja akabaza akukangana za chenji,
muno ine ndi mbale ya mkuwa
tikuyang'anizana ngati wangongole ndi mwini ndalama.

Viniga, mchere pang'ono, kansalu.
Mkuwa sukhululukira chala:
ukangoukhudza umasunga mafuta ako,
mawa filimu n'kumatuka pomwepo
ngati khungu la wopsa ndi phala.
Ndatsuka mpaka madzi ayenda osaduka,
osasiya zilumba.

Tsono kusenda. Selotepu uku, selotepu uko,
kukoka pangodya, mpweya uli m'khosi,
kachikopa kofewa kachoke, kolimba katsale.
Che Twaibu adandipatsa mawu atatu okha:
nyowetsa, goneka, thamangitsa.
Zinazo ndidaphunzira powononga.

Ndawaza madzi. Ndagoneka buluu pamkuwa.
Mphira m'dzanja, kuyambira pakati
kupita m'mphepete, pakati, m'mphepete,
mpweya ukuthawa kunsiko
ngati ana a sukulu belu likalira.
Thukuta lafika pansonga ya mphuno,
ndapotoza khosi kuti ligwere pasimenti.
Dontho limodzi likhoza kudya sabata yathunthu
ya Shaibu akukolopa m'shopu ya eni.

Lezala m'mbali zonse zinayi.
Magetsi azima.
Dilaya yobwereka kusaluni yangoti zii m'manja.
Ndaika mbale m'envelopu yakuda, kufupi ndi malata,
kutentha kwathu kuno kugwireko ntchito lero.

Kwacha. Teni koloko, masekondi makumi anayi padzuwa,
chithunzi pamwamba, galasi likupsinja:
Shaibu panjinga, chaka chomwe adachoka,
kolala itapindika,
akuyang'ana wina kumbali amene sindimudziwa.
M'beseni la madzi a soda nkhope yayamba kukumbika,
timakwalala tosaoneka ndi maso,
tomveka ndi chikhadabo chokha.

Ndi pamene ndakaona.
Kathovu, kochepa ngati njere ya chitowe,
kamene kadandizemba dzulo magetsi asanazime,
kali phee pakati pa filimu ndi mkuwa,
pakamwa pake penipeni.

Che Twaibu avula magalasi.
Akuti senda, uyambirenso,
filimu ikadalipo mikono iwiri.
Sindidawayankhe.

Ndapaka inki, ndaikankhira m'makwalala onse.
Ndapukuta ndi nyuzi yakale, kenako ndi chikhatho.
Pepala lonyowa, bulangete lomwe lija la pabasi,
gudumu lolimba lofuna phewa lonse.
Ndagwira pangodya ndi zala ziwiri zoyera
zomwe ndidazisunga dala.

Ndi iyeyo.
Makutu a malemu bambo, kolala, dzimbiri la pahendulo.
Inki yalowa paliponse, pamodzi pokha yakana:
pamlomo pali kadontho koyera,
ngati wayamba kunena kanthu
mayunitsi n'kuthera panjira.

Chaka chachisanu ndi chinayi chino
akuti ndibwera Disembala.

Ndasindikiza mapepala asanu ndi limodzi,
onse ali nako kadonthoko.
Limodzi amayi alitenga osafunsa,
alipukuta pamlomo ndi nsonga ya mpango
kawiri, katatu, kenako alileka.
Lina likwera basi ya Lachinayi.
Paenvelopu ndalemba dzina lake, nambala ya foni,
ndi kuti: ili likhoza kuona dzuwa.