Theka la Mutu ku Mtendere

Magetsi athima Gelesomu atandimeta mbali imodzi.
Makina atsamwa m'tsitsi langa, zii,
ndipo ine, kuno thengo uku bwalo,
sindingatuluke chonchi mumsewu wa Mtendere.
Ndidikira. Tonse tidikira.

Oyambitsa ndi a Miti, chipewa chili pabondo:
"Ana inu simunamuone Nyundo Sakala.
Mpira wa nthawiyo unali chikopa chenicheni,
mvula ikagwa unkalemera ngati thumba la simenti,
koma iye ankaulandira ndi chipumi,
madzulo n'kuyenda wapansi mpaka ku Chawama,
m'mawa n'kulawirira kuntchito ya njanji."

Lekani wakweza foni, galasi lake losweka pakona:
"Zigoli zingati, mdala? Tipatseni nambala.
Kaphwiti wathu nayu, onani momwe akuwapindira,
zigoli fifite seveni, zonse zojambulidwa.
Za Nyundo zinalembedwa pati?"

"Muno," a Miti adzimenya pachifuwa.

"Chaka chatha munati sikisite,
lero mukuti handiredi.
Zikuswana m'menemo ngati mbewa?"

Benchi yonse yagwa nacho chiseko.
Gelesomu waloza ndi chipeso:
"Kaphwiti akanakumana ndi mabeki akale aja,
andevu, oimbira akuyang'ana kumbali,
akanatuluka pamachira."
"Nanga Nyundo pa liwiro la lero?
Mapapo akanamutulukira m'kamwa
tisanamalize n'komwe kugula matikiti."
Wina akuti tiwatengere ku Soweto
tikawaike pa sikelo ya kapenta,
uyu mbale iyi, uyo mbale iyo.

Ine ndangoti chete pansi pa nsalu.
Nyundo ndinamuonerapo kamodzi, ndimatero ndikafunsidwa.
Zoona zake, ndinali pamapewa a bambo anga,
ndinaona zipewa, fumbi, msana wa wapolisi,
kenako phokoso linakwera kuchokera m'miyendo yawo
n'kundigwedeza mano.
Chigolicho sindinachione.
Koma undiuze kuti sichinali chokoma, tidana.

Pakhomo, Mai Zondiwe atsitsa beseni la zitumbuwa.
"Mukulimbana chiyani, ometedwa theka inu?
Majezi a timu imeneyo ndinachapa ine,
kuyambira ndili kamtsikana kothandiza mayi anga
mpaka msana unakana.
Naini ya Nyundo inkabwera ndi matope kumsana,
magazi pakolala, ndinkaifinya ndi mnzanga.
Naini ya Kaphwiti, kansalu kouma usanayanike,
koma fungo la mankhwala opaka bondo
silinkachoka ngakhale uchape kawiri.
Sopo sankafunsa chaka.
Ndipo onse awiri anapita ndi ngongole yanga ya zitumbuwa."

Ntchentche yazungulira babu lakufa.
Foni ya Lekani yaphethira, yazima,
Kaphwiti ali m'malere, mwendo utakwera,
mpira usanafike.

A Miti akhosomola.
"Komabe, mai, yolemera kwambiri inali ya ndani?"
"Gulani kaye ziwiri."
Agula. Mayiwo asenza beseni, ulendo,
yankho lili m'chitenje pamodzi ndi chenji.

Kenako babu lija ngwee,
wailesi yayambira pakati pa mawu,
makina andiluma kuseri kwa khutu.
Tsitsi likugwera pansalu, lina loyera,
ndipo m'galasi mukutuluka pang'onopang'ono
mutu wa bambo anga,
womwe uja ndinaugwira ndi manja awiri
tsiku la chigoli chosaoneka.

Panja, pakati pa ngalande ndi okala makala,
kamnyamata kopanda nsapato
kamenya mpira wa mapepala pakati pa njerwa ziwiri,
kathamanga manja m'mwamba
kakufuula dzina.
Tatchera khutu tonse, a Miti, Lekani, ine.
Si Nyundo.
Si Kaphwiti.
"Ameneyonso ndani?" wafunsa Lekani,
ndipo mawu ake amveka ngati a munthu wachikulire.