Mfundo ya Pachitenje

Ndalama yanga inali ndi fungo,
la nanazi wakupsa pa Chitakale,
la thukuta, la utsi wa minibasi.
Ndinkaimanga mfundo ziwiri pansonga ya chitenje;
ndikagwirapo, mtima unkakhala pansi.

Ndiye akubwera Fanuwelo wa kaambulera kofiira,
ati, Mayi Nampinga, ikani m'foni.
M'foni?
Kafoni kangaka komanga ndi mphira,
kamene kamazima chiperoni chikangotsika m'phiri?
Ndinamuseka mpaka kutsamwa.

Pajatu ndinamuona Esinala akulira pasiteji.
Uthenga unamupeza m'munda wa tiyi:
mwana wakomoka kusukulu, tumizani pa nambala iyi.
Anatumiza ya masabata awiri, ya dengu lonyowa kumsana.
Mwanayo anali kuseri kwa kalasi, akumenya mpira wachikulunga.

Nanga ejenti uja wokanda mutu,
ati netiweki yathawa, mubwere mawa,
ngati mimba imadziwa mawa?
Nanga ija amadula potapa,
nanazi wathunthu kupita osalowa m'kamwa mwa munthu?

Koma tsiku la msika ku Limbuli
lezala linadutsa pachitenje changa osatsokomola.
Ndinafika pakhomo ndi chibowo.
Ndinalowetsamo chala. Chinatulukira kuseri.

Sabata yomweyo mwana wa mchemwali anadwaladi,
usiku, mvula ili pakati,
wanjinga yamoto ati, opanda kanthu sindiliza.
Mnyamata wanga ali ku Joni anangodina,
foni ya mnansi inalira ngati mwanapiye,
njinga inalira pambuyo pake.

M'mawa ndinapita ndekha pakaambulera paja.
Fanuwelo sanandiseke.
Anati sankhani manambala anayi, musauze munthu,
ngakhale ine, ngakhale bambo a kunyumba.
Ngakhale bambo a kunyumba!
Mawu amenewo ndiwo anandigula,
poti mfundo yanga ankaidziwa kumasula kwake mumdima,
kachasu akawaitana.

Ndinasankha chaka chomwe madzi anatitengera chimanga.
Chimenecho sindingaiwale.

Lero ogula a m'magalimoto amafunsa nambala asanafunse mtengo.
Ndimadikira kulira kwa mwanapiye,
mdzukulu andiwerengere zilembo,
kenako nanazi alowe m'jumbo.
Magetsi akathima masiku atatu ndimatukwanabe.
Akandidula yotapira ndimawerengabe pa zala.

Ndipo pansonga ya chitenje chatsopano
pali kamfundo kamodzi, kakang'ono,
ka sauzande yopindapinda.
Si ya malonda.
Ndi yoti dzanja likapita pamenepo
lisabwereko lokha.