Usiku wa Lachinayi ku Slough

Timati tingopukuta fumbi,
tisinthe kachingwe kamodzi basi,
koma seva yangoti zii
ngati munthu wokomoka ali chiimire.

Fraser akutukwana chamumtima.
Ine ndikulondola mizere ya zolakwika
ndi chala, monga ndinkasakira dzina langa
pa chikwangwani cha mayeso.

M'bokosi lozizirali
muli malipiro a anamwino zikwi zitatu,
ndipo mawa ndi pa twente-eyiti.

Ndayiyatsa. Yatsokomola. Yafanso.

Kunja kamvula kosatha kaja
kakunyowetsa basi yomaliza
yomwe sindikwera.

Folo koloko, ndachipeza:
disiki yadzaza ndi zolemba zake zomwe,
yatsamwa ndi mbiri ya zimene inachita dzulo.

Ndafufutako pang'ono.
Kanyali kobiriwira kaphethira kawiri.
Khofi wanga wachita khungu pamwamba.